Bokosi Limene Kampani Inakana Kugula

Malemu bambo Hector Makina anabadwa pa 9 Juni 1958 ku Mkhumba, m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Ine ndine mng'ono wawo, ndipo ndikuyankhula m'malo mwa banja.

Sukulu anaphunzira kwathu komweko mpaka Sitandade 8. Mu 1976 analowa ntchito ku esiteti ya tiyi ku Mulanje, ndipo kumeneko ndi kumene anaphunzira kutseka pakamwa. Mnzawo wina atadandaula za malipiro, anadzatengedwa ndi galimoto ndipo sanaonekenso. Kuyambira pamenepo achimwene anga ankayamba acheuka asananene ngakhale zoti mvula yachedwa. Tinkawaseka kuti nkhuku ikawayang'anitsitsa amaipepesa.

Mu 1982 anamanga banja ndi mayi Lenia a kuno ku Jenala, ndipo ukwati wawo unadalitsidwa kutchalitchi. Mu Malichi 1991 napolo uja anatilanda mlongo wathu. Kuchokera chaka chimenecho malemu sankafuna kuyandikira madzi othamanga.

Mu 1995 kampani ina ya ku Limbe yotumiza katundu inawapatsa njinga yamoto ndi yunifolomu. Ankanyamula mapasulo a m'masitolo, m'masukulu ndi m'zipatala, kudutsa pa Fort Lister pa dzuwa ndi pa mvula. Komatu kampaniyo inkati iwo ndi anzawo si antchito ake, ndi maejenti odziyimira paokha. Tchuthi kunalibe, wovulala ankadzionera yekha, ndipo wobwerera ndi katundu wosaperekedwa ankalandidwa njinga tsiku lomwelo.

Popeza lamulo latsopano linali litalola antchito kukhala ndi mabungwe awo, mu 1999 onyamula katunduwo anayambitsa lawo, nasankha malemu kukhala wapampando. Sikuti anawaona kulimba mtima, ayi. Njira yawo ndiyo inkafika m'madepoti onse, ndipo iwo anachita mantha kukana. Alamu angawa, mayi Lenia, ndi mboni kuti tsiku la msonkhano likafika ankazengereza kutuluka m'nyumba. Koma ankapitabe.

Mu 2002 bungwelo linakasuma kukhoti la nkhani za ntchito kuti ligamule chinthu chimodzi: kodi anthuwa ndi antchito a kampani kapena ayi? Dzina la malemu ndilo linali patsogolo pa mlanduwo, ndipo mabwana anayamba kuwasakira chifukwa. Anaonda tikuwaona. Galimoto ikaima pamsewu apo, ankasiya chakudya n'kukasuzumira pawindo.

Pa 21 Januwale chaka chino cha 2003 anapeza mtsinje wa Phalombe utasefukira, mlatho osaoneka. Anthu amene anali pamenepo anawaletsa kuwoloka. Koma ankadziwa kuti akabwerera ndi katunduyo awachotsa, ndipo anzawo ataya mtima, mlandu ufera m'mazira. Anasiya njinga, nasenza katundu pamutu, n'kulowa m'madzi. Madzi anawagwetsa ndi kuwamenyetsa chifuwa pamwala. Atawavuula, anakana kupita kuchipatala mpaka atapereka katunduyo kwa eni ake. Chibayo chinawalowa, anagonekedwa m'chipatala, ndipo anatisiya pa 6 Febuluwale.

Abale, tonse tikudziwa kuti wantchito akamwalira, bokosi ndi galimoto zimachokera kwa abwana ake. Ife tinatumiza uthenga monga mwa mwambowo. Anatiyankha kuti sangagule bokosi, chifukwa kutero n'kuvomera pamaso pa khoti kuti malemu anali wantchito wawo. Anachenjezanso anzawo kuti lero ndi tsiku la ntchito, ndipo wopita kumaliro ayambe wasiya makiyi a njinga. Ndikunena izi mwamantha, pakuti sindikudziwa kuti mawu angawa akafika kwa yani.

Malemu asiya mkazi wawo mayi Lenia, ana atatu, Bertha, Ufulu ndi Tikondane, komanso zidzukulu ziwiri. A banja tikuthokoza anamwino amene anawasamalira, ampingo, amayi a chigwirizano, adzukulu amene akonza kumanda, ndi inu nonse amene mwasiya minda yanu m'nyengo ino ya ntchito.

Koma mundilole ndithokoze mwapadera amuna amene akhala pansi pa mtengo wa mango apo, atavala mayunifolomu. Awa ndi anzawo a malemu. Makiyi anasiya dzulo, ndipo bokosi mukulionali akhoma ndi manja awo. Sakudziwa kuti mwezi wamawa ana awo adya chiyani. Wachiwiri kwa malemu m'bungwe lija, bambo Eneya, andiuza kuti mlandu ukadzalowa iwo ndi amene adzakaime m'malo mwa malemu, ngakhale kuti nawonso mantha awagwira.

Achimwene, kampani yakukanani, koma okunyamulani alipo, ndipo ntchito zawo atayira inu. Mzimu wanu uuse mumtendere.