Khadi Imene Inandilanda Mawu Akuti "Ndilibe"

Abusa, akulu a mpingo, ndi inu nonse abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ndikufuna kuchitira umboni, ndipo ndilankhula pang'onopang'ono, mundipirire.

Achikulire mukudziwa kuti ndinatchona ku Halale. Ndinasiya mwana wanga Yosefe akukwawa, ndinadzamupeza atamera ndevu. Sukulu anamuphunzitsa ndi amayi ake, ndi ndalama za mtedza. Chimenecho chimandilemera mpaka lero.

Yosefe atayamba ntchito ya ukalaliki ku Lilongwe, anandibweretsera khadi. Si ya chipani ija tinkaonetsa polowa mumsika, ayi. Iyi inali ya sitolo yaikulu ya pa Malomo. Anati, "Bambo, mukafuna sopo kapena mchere, muzingoonetsa ndi kusaina. Azidula kumalipiro anga."

Kusaina, abale! Ine ndinaphunzira kulemba dzina langa kusukulu ya kwacha, imvi zili mbuu. Kugwira cholembera anthu akuona, osadindanso chala, kunkandikomera kuposa shuga amene ndinkatengayo.

Tsono mverani. Munthu wa ndalama m'thumba, zikatha amati "ndilibe", ndipo anthu amamva. Koma khadi siitha. Mudzi wonse unadziwa kuti siitha. Maliro akagwa, nsalu kwa ine. Mlamu afuna khasu, kwa ine. Ena muli pompano, musaweramitse mitu, simunalakwe. Ndinkapereka mokondwa, poganiza kuti anthu aiwala za utchona wanga. Dzanja langa silinkamva kuti chachoka chilichonse. Sindinkadziwanso kuti malipiro akalephera kukwanira, ngongole yotsalayo imabereka ina pamwamba.

Chaka chatha nditakolola, ndinakwera basi kukaona Yosefe ndi banja lake ku Lilongwe. Ndinapeza m'nyumba mulibe mipando. Wailesi mulibe. Apongozi anga, akazi a Yosefe, anandiyalira mphasa, maso ali pansi. Madzulo Yosefe anafika wapansi, fumbi mpaka m'mawondo.

Ndinati, "Njinga ili kuti?"

Anati, "Ndinagulitsa, bambo."

"Nanga mipando?"

Apongozi ndi amene anayankha ali kukhomo, chamunsimunsi: "Zinapita ku Malomo."

Ndinamva, abale. Ndinamva bwino lomwe. Ndinafunsa mwana wanga, "Bwanji osandiuza miyezi yonseyi?"

Iye anati, "Ndimaopa kuti ndikakuuzani muchita manyazi, muchokanso."

Bambo wa ana atatu, kuopa kuti ndichokanso! Ine ndinkagula dzina labwino kumudzi, pamene mwana amene ndinamusiya kale uja ankagona pansi kuti ndisamusiyenso.

Sindinalire. Ndinatulutsa khadi ija m'Baibulo mmene ndinkaisunga, ndinaiika m'manja mwake, ndipo ndinagwira manjawo. Ndinati, "Sindichoka. Ndikhala konkuno mpaka utope nane." Anaseka. Tinapemphera pamphasa pomwepo, ndipo ndinakhalako mpaka mvula yoyamba.

Ngongole ija tikuibweza limodzi. Fodya wanga wa chaka chino wapita kumeneko, ndipo njinga yabwerera. Mipando akadalibe, koma mwezi uno Yosefe anabwera ndi ana ake kudzandithandiza kufolera nyumba.

Dzulo mnzanga wina anandipempha palafini. Ndinamuuza kuti, "Ndilibe, achimwene." Anati, "Chabwino," ndipo tinakhala pakhonde kucheza mpaka dzuwa kupendeka.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandibwezera mawu amenewa, ndi kundibwezera mwana ndisanafe. Yosefe, imirira akuone. Ndi ameneyo, kumbuyoko. Abale, kondwerani nane. Amayi, tiyambitsireni nyimbo.