Mtchona wa m'Wayilesi

"Amayi, kodi anthu a m'wayilesi amamva tikamawakuwira?"

Funso la mwana wawoli a Clementina amalisimba pamzere wogulitsira thonje ku Balaka. Amacheza ndi anansi awo, abiti Hamadi, za sewero la pa wayilesi lomwe onse amakamvera kusitolo kwa Mmwenye.

"Akadamamva, Wadson wa m'sewero uja sakadawoloka Zambezi wopanda chiphaso cha ulendo! Ndinakuwa mpaka Mmwenye ananditulutsa."

"Iyayi, anachita chamuna! Mumafuna azungu azingomubweza, kuboma uku, ku Wenela kolembetsa za kumigodi uko, ngati kampira kawo ka tenesi?"

"Nanga mkazi wake?"

"Ameneyo ndiye wopusa. Akwatiwe! Mtchona amamudikira ndani?"

"Musatero, abiti Hamadi. Bambo akwathu anapita ku Joni chimodzimodzi, ndipo ine ndilipo."

"Pepani, anzanga, pakamwa pangapa. Komatu Loweruka Wadson akubwera! Simunamve wolengeza? Akuti afika pakhomo ndi njinga!"

"Ndinamva. Koma Loweruka tikumeta maliro a apongozi ku Phalula. Ndimafuna ndimve zomwe mkazi amanena tsiku loterolo."

"Pitani mukamete. Ine ndikakhala pafupi ndi wayilesi penipeni, walahi. Mawu onse a mkaziyo ndidzakusungirani."