Mawu a Mayi a Tadala

Abusa, akulu a mpingo, abale ndi alongo, ndakupatsani moni m'dzina la Yesu. Ndikufuna kuchitira umboni, koma mundipirire, mtima wanga ndi wosweka.

Ambiri mumandidziwa, ndimajambula maukwati pa Ntaja pompano. Mukudziwanso kuti mayi akunyumba anatisiya mwana wathu Tadala akadali kuyamwa. Pano wakula, wayamba kufunsa: "Ababa, amama ankayankhula bwanji?" Abale, funso limeneli limandilasa.

Mavidiyo onse a mayi ake anali m'kompyuta yanga yakale ya Windows. Mphezi inawotcha mabowo olowetsera fulashi, disiki yake yosungira mafailo nayo inayamba kugogoda, kusonyeza kuti ikufa. Njira inatsala imodzi, kutumiza mafailo pa netiweki kupita m'kompyuta ina, yamtundu wa Linux, imene ndinabwereka ku Balaka.

Koma makompyuta awiriwa ankayankhulana ngati mkamwini ndi apongozi ake, patalipatali, mwamanyazi. Failo imodzi yokha, dzuwa mpaka kupendeka. Magetsi akazima, kuyambiranso. Disiki ikugogodabe. Ndinalira pamaso pa kompyuta, ine bambo wandevu.

Ndinagwada. Ndinati, "Ambuye, mkazi munatenga, mawu ake okha ndisiyireni." Nditadzuka ndinazimitsa wayifayi, ndinalumikiza makompyutawo ndi waya. Nditafufuza ndinapeza kuti ya Linux ija imalandira mafailo m'njira yakalekale, ndinaisinthira ku yatsopano. Tizithunzi tambirimbiri timene timachedwetsa ndinatiika pambali, ndinatsogoza mavidiyo. Abale, zinayamba kuthamanga! Zinathamanga!

Koma sizinafike kumapeto iyayi. Disiki inaima, sinadzukenso. Vidiyo ya ukwati wathu inapita. Nyimbo zimene mayi a Tadala ankaimba mukwaya muno zinapita. Kathunthu kanawoloka kavidiyo kamodzi kokha: ali pakhonde, ali woyembekezera, akupeta mpunga, akundikalipira kuti, "Inu, tasiyani kundijambula, kagwireni ntchito!" Kenako akuseka.

Ndinamuonetsa Tadala. Anaonera, anabwereza, anabwerezanso. Ndiye anatembenuka nkunena kuti, "Ababa, amaseka ngati ine."

Sindinama pamaso panu, zotayikazo zikundipwetekabe, ndipo zidzandipweteka. Koma mwana wanga wamva mawu a mayi ake, ndipo pa ichi ndikuthokoza Mulungu. Ine kuimba lero sindingathe. Amayi a kwaya, munkaima ndi mayi a Tadala pamzere umodzi, ndiimbireni ndinu. Nthungululu ilire, mpingo wonse ukondwere nane. Ameni.