Ndinakana Joni, Ndinakwera Basi ya ku Lilongwe

Moni nonse m'dzina la Ambuye. Abusa, moni. Azimayi, moni. Achinyamata anzanga kumbuyo uko amene mukubisa mafoni pansi pa Baibulo, moni inunso. Aleluya!

Mumandidziwa. Ndine Esinala wa pa msewu pa Chinyunyu, uja wa madengu. Uja munkati ali ndi pakamwa poipa. Pakamwa sipanasinthe kwenikweni, ndisaname m'nyumba ya Mulungu. Chimene chasintha ndi moyo wanga. Sindichedwa, nkhani zazitali ine sindizikonda.

Sukulu ndinalekera giredi naini. Sindinalephere mayeso, ayi. Amayi anadwala, anagona nthawi yaitali m'chipatala ku Mpanshya, ndipo wowadikira panalibe. Abale mbwee, wodikira palibe! Ndinapita ine. Ndinawasambitsa ine, ndinawatembenuza ine. Atamwalira, anzanga anali atapita kale patsogolo. Ine ndinabwerera kumudzi ndi bulangete ndi mkwiyo.

Ndinayamba kuluka madengu a mlaza monga ankachitira amayi, n'kumagulitsa pa msewu. Abale anga, msewu uja umapweteka mtima. Tsiku lonse anthu akupita. Mabasi akupita, mathiraki akupita, iwe uli pomwepo, fumbi m'mano. Wina amene tinali naye kalasi imodzi atsitsa galasi la galimoto: "Ah, Esinala, ukali pano?" Kenaka ayamba kunenerera dengu. Ndinakwiyira Mulungu. Kutchalitchi kuno ndinkabwera, koma ndinkakhala pa benchi yomaliza, pakamwa nditatseka.

Ndinalumbira mumtima kuti tsiku lina ndidzadutsa boda. Ndekha, ndi ndalama zanga. Dengu lililonse ndinkapatulako kenakake. Nsapato sindinagule. Tsitsi sindinakonzetse. Ndinatenga pasipoti ku Lusaka, ndipo zimene zinatsala zinali za ulendo umodzi wokha, kupita ndi kubwera. Umodzi wokha! Ndikanasankha molakwa, zaka zonse za pa fumbi zikanapita pachabe.

Tsopano, kupita kuti?

Aliyense anasanduka katswiri. Anthu amene sanafikepo ngakhale pa mlatho wa Luangwa! "Pita ku Tanzania ukaode zovala." Ndikaoda ndi chiyani, ndalama yonse itathera mu basi? Chiswahili ndinachiphunzira kuti? "Pita ku Dubai." Ndege ya ndani?

Kenaka kunabwera ba Kennedy, bambo wina wa ku Lusaka wonunkhira bwino, amene ankatenga atsikana kupita nawo ku Joni kukagwira ntchito mu saluni. Anafikira kwa amalume anga, amene anatsala ngati atate anga. Anabwera ndi shuga ndi mafuta ophikira.

"Sisita," anatero ba Kennedy, "pasipoti ndi ndalama upatse ine, ndisunge. Iwe ungokwera chabe. Ukafika, mlaza udzauiwala."

Ndinati, "Pasipoti ili ndi nkhope yanga. Musunge inu chifukwa chiyani?"

Amalume anadzuka. "Iwe, anthu akufuna kukukweza, ukufunsa ngati wapolisi? Mnzako Miriamu wavomera kale!"

Miriamu tinkagulitsa naye limodzi pa msewu, iye bowa ndi masuku. Ndisaname, mtima wanga unagawanika. Joni ndi Joni. Kuno kwathu munthu ukangoti ndachokera ku Joni, amakupatsa mpando.

Ndinapemphera, koma silinali pemphero laulemu. Ndinati, "Mulungu, ngati mulipo, ndionetseni. Ine ndatopa." Basi.

Sabata lomwelo thiraki yochokera ku Malawi inafera pafupi ndi madengu anga. Pamwamba itadzaza mipando yoluka, ya nsungwi ndi bango. Dalaivala anali kudikira makaniko. Ine ndinakwera, ndinagwira mpando umodzi, ndinautembenuza. Zala zanga zinkatsatira kalukidwe kake zokha.

"Iwe, tsika! Uphwanya katundu wa eni!"

"Ikupita kuti mipandoyi?"

"Ku Lusaka. Eni malo ogona alendo amachita kulimbirana."

"Amaluka kuti?"

"Ku Lilongwe. M'mbali mwa msewu, ngati iwe."

Ngati ine! Abale anga, ndinatsika pa thiraki ija. Ndinaganiza: basi ya ku Lilongwe imadutsa pakhomo panga. Chilankhulo ndi chathu chomwechi, palibe angandigulitse ndili pomwepo. Ndalama zanga zikwana ulendo, zikwana pogona, ndipo pasipoti ikhala pa thupi langa.

Nditauza amalume, anaseka mpaka kutsokomola. "Ku Malawi? Kumeneko ndi kunja? Ndi kuseri kwa Chipata chabe! Eni ake akuthawira ku Joni, iwe ukupita kumene akuthawako?"

Nkhani inazungulira msewu wonse. "Esinala akupita ku Ulaya wa ku Mchinji!" Ena mwa inu muli muno. Musawerame, ndikukuonani. Mukudziwa mwambo wathu: munthu akamapita kunja, aliyense amamutuma. Uyu wigi, uyu foni, uyu nsapato za mwana, koma palibe amatulutsa khobiri. Onse amene anali atandituma, atamva kuti ndi ku Malawi, anasiya ndi moni womwe. Miriamu anaperekezedwa ndi nyimbo. Ine basi ndinaimitsa ndekha.

Koma pa boda ya Mwami, pamene munthu uja anadinda pasipoti yanga, ndinamva chidindo chija mpaka m'mafupa. Ine, wa giredi naini! Palibe anandigwira dzanja.

Ku Lilongwe ndinawapeza olukawo pansi pa mitengo. Amuna okhaokha. Mkulu wawo anali a Phiri, bambo wa imvi, wosakonda kuseka. Ndinagwada, ndinafotokoza.

"Chemwali, ntchito iyi ndi ya amuna. Nsungwi imacheka."

Ndinawaonetsa manja anga, zipsera za mlaza zokhazokha. Sanayang'ane n'komwe. Anyamata awo ankangondinena, akutengera kalankhulidwe kathu. "A Zambia, manje manje mwabwera kudzatilanda ntchito?"

Mawa lake ndinabweranso. Anakana. Mawa linalo, anakana. Ndinkagona m'kachipinda kotchipa pafupi ndi depoti, chakudya changa mbatata yootcha. Mpaka tsiku lina m'mawa ndinamasula mfundo ya chitenje, ndinapeza ndalama yatsala ya basi yobwerera yokha.

Abale ndi alongo, pamenepo ndiye pansi penipeni. Ndinakhala patali pang'ono ndi olukawo, pa mulu wa zinyenyeswa zimene ankataya. Ndinalira. Ine amene sindinalire pa manda a amayi, ndinalira ku dziko la eni. Ndinkaona nkhope ya amalume. Ndinkamva msewu wonse ukuseka. Joni ndakana, mpando sindinaphunzire, ndalama zatha. Ndinati, "Mulungu, ndiye mwandionetsa zimenezi?"

Manja anga sadziwa kukhala chete ndikakwiya. Anatola tizidutswa ta nsungwi tija, anayamba kuluka tsinde la dengu, monga anandiphunzitsira amayi, ndi mzere wokhota pakati. Sindinkafuna kuonetsa munthu. Ndinangoona mthunzi wandiphimba. A Phiri. Anatenga kanthu kaja, anakatembenuza, anakakanikiza ndi chala.

"Anakuphunzitsa ndani?"

"Amayi."

"Ali kuti?"

"Anamwalira."

Anandibwezera kanthu kaja. Kenaka anati, "Mawa ubwere ndi mpeni. Uzigona kwathu, mayi a kunyumba akufuna wowathandiza. Koma pakamwa pakopo uchepetse."

Aleluya! Ndati aleluya, mwagona?

Ndinakhala kwa a Phiri mpaka masiku amene anandipatsa pa boda anatha. Ndinaphunzira kung'amba nsungwi, kupala, kukhoma mafupa a mpando, kuluka kotsamira. Zala zinachekeka, zinapola, zinachekekanso. Nsungwi youma imathyoka, ndiye iwo amainyika m'madzi ofunda mu mgolo kuti ifewe. Tsiku lililonse a Phiri ankadandaula kuti nkhuni zotenthetsera madzi zikudula. Ine ndinaseka.

"Ukuseka chiyani?"

"Kwathu madzi amatuluka pansi ali otentha kale."

"A Zambia ndinu abodza," anatero. Ndi tsiku lokhalo limene ndinawaona akuseka.

Taonani Mulungu, abale anga! Ndinakulira pafupi ndi madzi aja a pa Chinyunyu. Ndinkachapirako zovala, ndikunyoza kuti kuno kulibe kanthu. Anachita kundiolotsa boda kuti ndione chimene anaika pakhomo panga.

Nditatsika basi, amalume anayang'ana kachikwama kanga. "Watibweretsera chiyani kunja kwakoko?"

Ndinatambasula manja. "Izi."

Munasekanso. Ine sindinayankhe, ndipo mukudziwa kuti kwa ine chimenecho ndi chozizwitsa. Ndinadula nsungwi, ndinakanyika m'kamtsinje kotsika kuchokera ku kasupe uja. Mpando woyamba unapendama ngati woledzera. Wachiwiri unaima. Lero mipando yanga siichedwa pa msewu. Anthu amaimitsa galimoto, ndipo amatsika, salankhulira pa galasi. Nyumba ya amayi ndafolera malata. Atsikana awiri amene analeka sukulu ngati ine ndikuwaphunzitsa.

Za Miriamu ndinena motsitsa mawu, chifukwa amayi ake ali muno. Anaimba foni kamodzi. Saluni kulibe. Pasipoti yake ikali m'manja mwa bambo uja. Sindikunyada nazo, ayi, ndikanakhala ine. Tisaleke kumupempherera, ndipo tisalekere pa pemphero, timufunefune mpaka abwere. Inu atsikana, pitani kumene ndalama zanu zikufika, kumene mungathe kubwerako nokha. Pasipoti musapatse munthu, ngakhale anunkhire bwanji.

Amalume atamva za Miriamu anabwera pa msewu. Anagwira mpando umodzi, anaugwedeza, anakhalapo mpaka dzuwa linapendeka. Ndinawapatsa. Ndi umene amakhalira pakhonde.

Abusa, pepani, taimirirani pang'ono. Mpando umene mwakhalirawo, anthu akuganiza kuti unachokera ku Lusaka. Utembenuzeni aone mzere wokhota kumbuyoko. Ndi mzere wa amayi anga. Ndinaubweretsa dzulo, ndicho chopereka changa cha kuthokoza.

Zikomo Ambuye, amene munamva pemphero lamwano. Zikomo a Phiri ku Lilongwe. Munkati wochokera ku Joni yekha ndiye amapatsidwa mpando. Ine palibe anandipatsa. Ndinaluka wanga.

Khalani pansi, abusa, suthyoka. Ameni!