Nthungululu Imene Inathyola Mkono wa Dunstan

Olemekezeka a khansala a dera lino la Wakefield, Abusa Nthanda ndi amayi, a wapampando wa bungwe la Amalawi okhala kuno ku Yorkshire, a Kangwa ndi abale athu onse a ku Zambia amene mwabwera kuchokera ku Bolton ndi ku Manchester, a dokotala a ziweto, eni famu amene mwatibwereka malo ano, ndi inu eni tsiku, a Dunstan Kalitera ndi akazi anu mayi Tupochile: ndakulonjerani nonse. Amene mwachoka pa shifiti n'kudzafikira pano osagona, ndakuonani maso, Mulungu akudalitseni.

Ine ndine Mayi Dorcas Mbendera, nesi wopuma. Za mahatchi sindidziwa kanthu, kupatula kuti ali ndi miyendo inayi ndipo kumbuyo kwawo sikuimidwa. Koma lero ndaima pakati pa makola khumi ndi awiri, ndipo andionetsa njira ziwiri zophunzitsira: ina ya mahatchi othamanga pamtetete, ina ya olumpha mipanda. Ndaona layisensi yophunzitsira mahatchi yopachikidwa mu ofesimo, dzina lolembedwapo la Chimalawi, ndipo ndikunena mosabisa kuti misozi inalengeza.

A Dunstan ndinawadziwira ku keya homu, komwe tinkasamalira limodzi okalamba. Ifeyo tikaweruka tinkathamangira mabulangete, iwo ankathamangira basi yopita ku khola la mzungu wina wophunzitsa mahatchi, kukawola ndowe. Tinkawaseka, ine patsogolo. Ndinkati, "Achimwene, ndowe zinatha kwanu ku Ntcheu kuti muzilondole mpaka ku Mangalande?" Iwo ankangomwetulira, n'kunena kuti, "Amayi, kuona maso a nkhono n'kudekha."

Tsopano ndiloleni ndichoke pang'ono pa pepala limene anandilembera ana anga, chifukwa pali nkhani imene ndaisenza zaka zisanu ndi zitatu, ndipo sindingadule riboni iyi ndi manja akuda.

Ambiri mukukumbukira tsiku limene abwana awo anawalola koyamba kutsogolera hatchi pamaso pa anthu, pa kabwalo kamene mahatchi amazungulira mpikisano usanayambe. Kwa munthu wowola ndowe, limenelo ndi tsiku la mayeso. A Dunstan anatiitana ife amayi a kutchalitchi, tinapita khumi ndi anayi, titavala ngati tikupita ku chinkhoswe. Pachipata anatichonderera kuti, "Amayi anga, chonde, hatchi iyi ndi yamantha. Mukandiona mungokweza dzanja basi." Tonse tinavomera.

Ndiye anatulukira. Suti yakuda, nsapato zowala, chingwe m'manja, chinyama chachikulu chikuyenda pambali pawo ngati mwana womvera. Azungu ali phee. Pamenepo mayi wina pakati pathu anaiwala zonse, nthungululu inangophulika. Hatchi inaima ndi miyendo iwiri, inawagwetsa pansi, mkono unathyoka pawiri. Hatchiyo anaichotsa pa mpikisano, ndipo abwana aja anatenga chaka chathunthu asanawalolenso kupita nawo ku bwalo lililonse. Tsiku lina mayi Tupochile anandiuza akulira kuti bambo akufuna kuzisiya zonse.

Abusa atafunsa kuti anaimba nthungululu ndani, amayi khumi ndi anayi tinayang'ana pansi ngati tataya singano. Kuchipatala ndinapita ine ndi mbale ya chakudya, ndinagwada pambali pa bedi, n'kupemphera mokweza kuti, "Ambuye, mukhululukireni mayi wosamva amene wachita izi." A Dunstan anayankha kuti ameni.

Mukuseka, koma ine kwa zaka zonsezi sindinaseke. Ndikawaona nthawi yozizira akusisita mkono umenewu, mtima unkandiluma. Atagula hatchi yawo yoyamba yopunduka mwendo n'kuichiza ndi kuleza mtima komwe ankachitira okalamba athu, ndinasangalala patali. Atapita kukaphunzira kuti apeze layisensi, ndinawapempherera patali. Ndinkaopa kuti tsiku limene adzadziwe, ndidzataya mwana amene amanditcha amayi m'dziko limene ndilibe m'bale. Koma akuluakulu anati mlandu suwola.

A Dunstan, tandiyang'anani. Mayi wosamva uja ndine. Pakamwa pake ndi pano. Sindinachite mwankhanza, chinali chimwemwe chimene chinandikulira, koma mkono unathyoka ndi wanu, chaka chinatayika ndi chanu, ndipo ine ndinabisala kuseri kwa pemphero. Ndikupempha pamaso pa anthu onsewa, pamaso pa abusa, kuti mundikhululukire. Mukafuna kuti riboni adule wina, lumo ndi ili.

Ha! Mukuseka chiyani? Mayi Tupochile, mukuti bwanji? Takwezani mawu, makutu awa ndi a penshoni. Mukuti ankadziwa? Kuyambira tsiku lomwelo? Abale inu, amene muli kumbuyo simunamve: akuti mu Yorkshire monse mulibe mayi wina amene nthungululu yake imathera ndi chifuwa ngati yanga!

Ndiye a Dunstan, pa bedi paja munayankha ameni mukudziwa? Zaka zisanu ndi zitatu mukundinyamulira zikwama, mukundikonzera hita yotenthetsera m'nyumba ikafa, mwana wanu Patuma mukumuuza kuti awa ndi agogo ako, mukudziwa? Ndipo pofuna mlendo wolemekezeka mwadumpha madokotala ndi maprofesa onse ali panowa n'kudzatenga ine? Ndipatseni kamphindi, wina andibwereke kansalu.

Olemekezeka nonse, ndinakonza malangizo ambiri oti ndimupatse mwini bwaloli, koma ndaona kuti wophunzira pano ndine. Eni mahatchi amene mukuganiza kuti ziweto zanu muzisiye m'manja mwa yani, mwadzionera nokha. Munthu amene anapirira nkhalamba yosamva ngati ine, hatchi yokana kulumpha singamugonjetse.

Choncho, ndi mtima wopepuka umene sindinakhale nawo kwa zaka zambiri, ndikulengeza kuti bwalo la Kalitera lophunzitsira mahatchi othamanga ndi olumpha latsegulidwa. Amayi anzanga, ndakuonani mukukoka mpweya: lero m'manja mokha, pang'onopang'ono. Zinazo tikamalizira kutchalitchi mawa, ndipo woyambitsa ndine.

Zikomo kwambiri.