Tayala limene linandipitirira pa msewu wa ku Dún Laoghaire

Abusa, amayi busa, akulu a mpingo, abale ndi alongo, ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye Yesu. Ndikufuna kuchitira umboni. Mundipirire, chifukwa nkhaniyi ambiri muimva koyamba lero, ndipo ine siindikomera.

Mumandidziwa kuti ndine bambo a Tadala, mwamuna wa anesi aja amaimba mu kwaya. Ntchito yanga ndi yokoka maboti. Abwana anga ndi mkulu wina wa konkuno, wachikulire ndithu. Ali ndi pikapu yaikulu yochokera ku America, ija ya matayala anayi kumbuyo, awiri uku, awiri uku. Munthu akafuna kuti boti lake lichoke pa yadi yosungira maboti lipite kumadzi, amatiimbira ife.

Potsitsira maboti m'madzi pamaterera kwambiri, ndiye abwana anagula matayala akuluakulu oti azigwira pansi. Koma tayala lalikulu limakhalanso lonenepa. Awiri akumbuyo aja ukawamanga pamodzi amakhudzana, ndipo ukasenza katundu amakhulana mpaka kutentha, kenako kuphulika. Ndiye pakati pawo pamaikidwa chitsulo chobulungira chowatalikitsa, timati sipesa. Abwana anati tipite nayo ku galaja. Ine ndinati, "Bwana, ku Blantyre ndagwira sipanala fifteen years. Zimenezi ndimanga ndekha Loweruka."

Loweruka lija anandipeza a Mwanza, mbale wathu wa ku Chipata, amene amakonza magalimoto ku eyapoti. Ali pomwepo, mwawaona akuweramitsa mutu. Anagwada, nayang'ana, nati, "Mudala, mabawuti aya yafupika. Sipesa yadya malo. Onani, nati yagwira chabe pang'ono. Odani yatali, muyembekeze."

Abale, ndinali nditaona kale. Musaganize kuti sindinaone. Nati iliyonse inkangozungulira kanayi, basi yafika. Koma mabawuti atali akanatenga two weeks, ndipo ine ndinali nditadzitama kale pamaso pa abwana. Ndinaseka, ndinati, "Ku Ndirande tinkamanga malole ndi waya, ankakafika ku Nsanje." Ndinakungitsa ndi mphamvu zanga zonse. A Mwanza pochoka anati, "Ngati mwakana, mukayendako pang'ono mukamangenso manati." Sindinamangenso. Sindinamangenso, abale.

Lachitatu m'mawa ndinakoka boti lalikulu kupita ku doko la Dún Laoghaire. Panjira ndinamva kugogoda kumbuyo, go, go, go. Mtima unandiuza kuti ima. Ndinakweza wailesi. Tikutsetsereka kuloza kudoko, galimoto inagwedezeka, inapendekera kumanzere, ndipo ndinaona tayala likundipitirira. Tayala langa lomwe, likudumphadumpha patsogolo panga, ine ndili pa chiwongolero.

M'mbali mwa msewu munali mayi wachikulire akukoka kangolo kake kogulira zinthu. Ndinakuwa, koma magalasi anali otseka. Tayala linamenya kangolo kaja, kangolo kanawagwetsa mayiwo, tayala linakaima pakhoma. Momwe ndinaimitsira galimoto ndi boti kumbuyo, mpaka lero sindidziwa. Ndinathamanga. Mayi aja anali gone pansi, maso ali tong'o, malalanje atamwazika msewu wonse. Sanalire. Ankangofunsa kuti, "Magalasi anga ali kuti?" Ndinawapeza pansi pa kangolo, ndinawaveka. A ambulansi atafika anati fupa la m'chiuno lathyoka.

Tsopano tamverani pamene ndinagwera. Wapolisi anandifunsa kuti chachitika n'chiyani. Ndinati, "Sindikudziwa, zonse zinali bwino." Abwana atafika, anaona mabawuti atathyokathyoka, anayamba kukalipira amene anawagulitsa masipesa, kuti ndi zitsulo zabodza. Ine ndinangokhala chete. Anandigwira paphewa, nati, "Si mlandu wako, mwana wanga." Ndinakhalabe chete.

Three weeks, abale. Three weeks ndinkabwera muno, ndikuimba nanu, ndikukweza manja, m'kati ndili wowola. Basi ikadutsa ndinkayang'ana matayala ake. Ndinkaopa ndende, ndinkaopa kuti mapepala athu okhalira kuno awonongeka, ana achoka pasukulu, ntchito ya mai akunyumba itha chifukwa cha ine. A Mwanza ndinkawathawa. Mapemphero akatha ndinkatulukira khomo lakumbuyo ilo. Iwo sananene kanthu kwa munthu aliyense. Ankangondiyang'ana.

Mai a Tadala amagwira ntchito mu wodi ya okalamba. Tsiku lina akuvala yunifomu, osadziwa chimene chinali mwa ine, anati, "Mukudziwa, anthu a msinkhu umenewu akathyoka chiuno, ena sadzukanso. Muziwapempherera mayi aja." Ndinakhala pansi pa khitchini penipenipo, ndinalira ngati mwana. Ndinawauza zonse, za mabawuti, za a Mwanza, za wailesi.

Sanandikalipire. Zikanakhala bwino akanandikalipira. Anati, "Bambo a Tadala, ndiye anthu ogulitsa aja akusenza mlandu wanu? Ine ntchito ingathe, tidzaona. Koma sindikhala m'nyumba ndi bodza limeneli." Anandigwira dzanja, tinagwada pomwepo, basi yawo inawasiya.

Tsiku lomwelo ndinapita ku yadi. Ndinawapeza abwana akutsuka ngolo yokokera maboti. Ndinati, "Bwana, masipesa aja analibe vuto. Mabawuti anali aafupi, ndinaona, ndinachenjezedwa, ndinamangabe." Anatseka madzi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, nkhope itafiira. Anati, "Ndinakutcha mwana wanga pamsewu paja, iwe uli chete." Mawu amenewo anandipweteka kuposa mbama. Kenako anati, "Kwera galimoto, tikupita kupolisi." Anandiperekeza okha. Ndinasintha sitetimenti yanga, ndinasaina. Pobwerera anangonditsitsa pa siteshoni, nati ndikhale kaye kunyumba.

Chimene ndinkachiopa kwambiri chinali chisanafike. Ndinapempha apolisi kuti awafunse mayi aja ngati angalole kundiona. Panapita masiku. Kenako mwana wawo wamkazi anaimba, mawu ali owuma, nati, "Ine sindikufuna, koma amayi akuti mubwere."

Ndinapita ndi a Mwanza. Tinawapeza atakhala pampando pafupi ndi windo, chitsulo choyendera chili pambali. Anali atawonda. Ndinagwada monga timachitira kwathu, iwo anadabwa, nati ndidzuke. Ndinawauza zonse, osachotsapo. Anamvetsera mpaka kumapeto. Anati, "Ndinkayenda pa doko tsiku lililonse kuyambira pamene amuna anga anamwalira. Tsopano ndimawerenga masitepe opita kubafa. Munandilanda zimenezo." Ndinati, "Inde, mayi." Kenako anati, "Koma mukanatha osabwera. Muli ndi ana?" Ndinati awiri. Anati, "Pitani mukawauze zimene mwandiuza ine. Ndakukhululukirani, ngakhale kuti mwana wangayu sanatero."

Abale, sindikuimirira pano kuti zonse zatha ayi. Kalata ya kukhoti ikhoza kubwera sabata ino. Mwana wawo uja mpaka lero sandiyankha moni. Abwana anandiitananso kuntchito, koma sipanala sandilola kugwira. Pikapu inapita ku galaja, anaika mabawuti atali, ndipo m'mawa uliwonse amayesa okha manati ine ndikuonerera. Zimandichititsa manyazi, ndipo n'zondiyenera.

Koma Lachisanu lapitali foni inalira. Anali mayi aja eniake. Anati, "Ndafuna mudziwe kuti lero ndafika pa geti ndi ndodo yokha." Pa geti, abale! Munthu amene ndikanamupha ndi kudzikuza kwanga, wafika pa geti, ndipo waimbira ine!

Ndikuthokoza Mulungu amene sanalole kuti tayala lija likhale maliro. Ndikuthokoza kuti sanandisiye m'bodza langa. Mai a Tadala, zikomo. A Mwanza, ndinakunyozani tili awiri, ndikupepesa pamaso pa mpingo wonse. Abusa, musaleke kundipempherera pa za kukhoti, ndiponso muwapempherere mayi aja kuti miyendo ilimbe.

Tsopano amene muli ndi miyendo yabwino, taimirirani. Amayi, nthungululu ilire. Kondwerani nane, chifukwa mayi aja akuyenda! Aleluya!