Ndinanamizira Apongozi Anga Kudya Mobisa

Tsiku limenelo tinalipo atatu: ine, mwana wanga wamwamuna, ndi akazi ake, amene ankathyola tiyi ku esiteti. Inali nyengo ya njala. Ana ankawonda, koma apongozi angawo ankangonenepa.

Ndinawafunsa pamaso pa amuna awo kuti, "Kodi inu mumakadyera kuti nokha?"

Anati, "Amayi, inenso ndimagona ndi njala ngati inu."

Sindinawakhulupirire, ndipo anabwerera kwawo ku Goliati. Patapita miyezi ingapo, achipatala anapeza kuti chithokomiro chawo sichinkagwira bwino ntchito, n'chifukwa chake thupi linkangokula.

Ndapita kawiri kukapepesa. Amandiyalira mphasa mwaulemu, koma kubwerera akukana. Mukatha kuiwerenga kalatayi, chonde muisunge, adzukulu anga adzadziwe kuti amayi awo sanawamane chakudya.